Khoma la a Wilfred ndi ntchito ya mwana wanga

Aphungu,

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, chifukwa pamene ndikulemba pano mtima wanga wakhalako pansi. Mwana wanga sanachotsedwe ntchito. Anabwerera Lolemba lapitali, ndipo madzulo ake atalowa m'nyumba nsapato zili simenti yokhayokha, sindinamukalipire n'komwe za kapeti. Ndinangokhala pampando n'kumamuyang'ana. Koma patsala kanthu kamodzi kamene kakundisowetsa mtendere, ndipo kumpingo sindingakafunseko nzeru poti nkhani yake yachokera komweko.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimakhala kunja kuno, ku Rotherham, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndinabwera kuno ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, Tinenenji, ali wamng'ono. Tinakhala zaka zambiri tikudikira mapepala otilola kukhala m'dziko muno, ine osaloledwa kugwira ntchito, mpaka anatuluka mu 2013. Tine tsopano ndi namwali. Za m'mabuku sizinkamuyendera kwenikweni, koma manja okha Mulungu anamupatsa. Chaka chatha koleji ina ya ku Sheffield inkaitana atsikana komanso ana a ife obwera kuti akaphunzire ntchito zomangamanga, poti akuti pamalo omanga nkhope zathu zimasowa. Analembera, ndipo anamutenga. Ndi apulentisi womanga ndi njerwa. Masiku ambiri amakhala pantchito ndi kampani ina yomanga nyumba, tsiku limodzi pa sabata amakhala kukoleji, ndipo amalandira kangachepe. Akamaliza adzakhala ndi satifiketi yake. Anzake ambiri amene analembera naye limodzi anawabweza, ena mpaka pano akungonyamula makatoni m'nyumba zosungiramo katundu.

Mayi wake uti amene sanganyadire? Ndinawauza azimayi anzanga kumpingo kuti tsopano tili ndi mmisiri wathuwathu. Posakhalitsa wina anapempha kuti akamukonzere sitepe yapakhomo, wina kampanda ka kuseri kwa nyumba. Ine ndinkangoti, “Abwera Loweruka.” Tine ankang'ung'udza m'Chingerezi chake chija koma ankapita, ndipo ankabwerako ndi mandasi.

Tsono pali a Wilfred, mkulu wa mpingo wathu. Aphungu, bambo amenewa musawaganizire zoipa. Pamene pempho lathu la mapepala linakanidwa koyamba n'kutitulutsa m'nyumba imene boma linatiika, ndi iwowa amene anatitola. Tinagona pabalaza pawo nyengo yonse yachisanu, ine ndi Tine bulangete limodzi. Ankandiperekeza ku Leeds kwa loya, ndipo akazi awo sanandiwerengerepo chakudya ngakhale tsiku limodzi. Popanda iwowa sindikudziwa kuti bwenzi tili kuti.

Lamulungu lina titaweruka, anandiimitsa pakhomo la tchalitchi anthu ali pomwepo. Anati, “Amake Tine, anthu a mapemphero a Lachisanu achuluka, pabalaza panga sitikukwanapo. Mwana wathuyu abwere Loweruka adzachotse khoma la pakati pa balaza ndi khitchini.”

Ndisanatsegule pakamwa, Tine anayankha m'Chingerezi kuti, “Pepani, sindiloledwa kugwira ntchito ngati imeneyo popanda wondiyang'anira. Komanso nyumbayo ndi ya lendi.”

Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo, ha. Mwana kukana akulu pagulu, m'Chingerezi, atawayang'ana m'maso. Ndinamuponda phazi n'kuwauza a Wilfred kuti abwera. Titafika kunyumba ndinamukhazika pansi. Ndinati, “Iwe, unakulira pabalaza pomwepo. Lero wadziwa kugwira njerwa, manja ako akwera mtengo? Kwathu mwana akatumidwa ndi akulu amanyamuka, mafunso amafunsa pobwera.”

Lachisanu pochoka kuntchito anatenga zida za kampani osapempha: nyundo yaikulu, tchizulo ndi makina odulira njerwa. Loweruka ine ndinali pa shifiti, choncho zimene zinachitika ndinazimva kwa iye mwini ndi kwa azimayi amene anali kumeneko kuphikira anthu. Akuti anasenda pulasitala, n'kuyamba kuchotsa njerwa cha kumwamba. Atachotsa zingapo anaona kuti mitanda ya chipinda cham'mwamba yagona pakhoma lomwelo. Posapita nthawi denga la pabalaza linang'aluka, fumbi n'kumayoyoka. M'chipinda cham'mwambamo munali zidzukulu za a Wilfred zikuonera TV.

Tine anakuwa kuti aliyense atuluke, ndipo anakwera yekha kukatsitsa anawo. A Wilfred akuti anati, “Pitiriza mwana iwe, nyumba zakale zimang'aluka choncho.” Tine anangotuluka panja n'kuimbira foni folomani wake, mzungu wina wachikulire dzina lake Kenneth. Bamboyo anasiya mpira umene ankaonera, anafika ndi galimoto ya zitsulo zochirikizira, nachirikiza dengalo. Atamaliza anayang'ana zida zija, zonse zili ndi dzina la kampani. Anangoti, “Lolemba usabwere. Udikire, akuitana.”

Masabata amene anatsatira sindikufuna kuwakumbukira. Tine anasiya kudya. Ankadzuka m'mamawa monga mwa nthawi zonse, n'kukhala pabedi atavala masokosi a kuntchito. Ine ndinali wokwiya, sindibisa. Ndinamufunsa kuti, “Unaitaniranji mzungu? Bwenzi utangosiya ntchitoyo n'kubwera kunyumba, ndani akanadziwa?” Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, n'kutseka chitseko.

Tsiku la mlandu ndinamuperekeza ku ofesi ya kampani. Kunali bwana wamkulu, kunali Kenneth, komanso mayi wina wochokera kukoleji dzina lake Joan, amene amayendera ana a apulentisi. Bwana uja ananena mosapita m'mbali kuti kutenga zida popanda chilolezo ndi mlandu wochotsetsa ntchito paokha, nanji kugwetsa khoma m'nyumba ya eni. Ine mawondo anali atayamba kale kupita pansi kuti ndigwade, koma Tine anandigwira mkono. Kenako Kenneth analankhula. Anati, “Ana ambiri akanamata bowolo n'kuthawa. Uyu anandiimbira akudziwa kuti akudzigwiritsa yekha. Ndikumufuna pagulu langa.” Joan anawonjezera kuti kukoleji sanajombepo.

Anatitulutsa panja pang'ono, kenako anatiitananso. Anamupatsa chenjezo lomaliza. Akadzangogwira ntchito ina iliyonse yapadera asanamalize maphunziro, kaya yolipidwa kaya yaulere, ntchito yatha, ndipo malo akukoleji apita nayo limodzi. Aphungu, pa siteji ya basi ndinalira ngati mwana. Ndinakhala pabenchi n'kumangoti zikomo Yesu, zikomo Yesu, azungu akundiyang'ana. Tine anandigulira tchipisi, tinadyera limodzi m'pepala, ndipo tsiku limenelo anadya.

Vuto latsala ndi ili. Landilodi, mwini nyumba imene a Wilfred amachita lendi, anauzidwa, poti Kenneth anati denga lochirikizidwa ndi zitsulo si chinthu chobisa. Wanena kuti atumiza amisiri ake, ndipo ndalama yake ituluke m'thumba la a Wilfred. Iwo akwiya kwambiri. Atumiza akazi awo kudzandiuza kuti mwana wanga anawayalutsa poitanira mzungu pakhomo pawo osawapempha. Akufuna zinthu ziwiri. Choyamba, Tine akagwade pamaso pa akulu a mpingo n'kupepesa. Chachiwiri, akamange khomalo mwakachetechete amisiri a landilodi asanabwere, kuti ndalama ichepe. Mayiwo anati, “Anagumula yekha, amange yekha. Tonse ndife Amalawi, angakanene ndani?”

Kumpingo moni wayamba kuzizira. Azimayi amene ndinkaphika nawo akungondipatsa nsonga za zala. Ndikamuuza Tine, akuti, “Amayi, mukanditumanso kumeneko, ndikakhala kwa mnzanga ku Leeds.”

Ine maganizo anga ndi akuti apite akapepese, kugwada sikuthyola bondo. Ndipo khomalo ndi la Loweruka limodzi kapena awiri basi, ulendo uno osatenga zida za kampani, tibwereka kwina. Tikatero mtendere ubwerera, ntchito yake ili pomwepo, a Wilfred nawo mtima ukhala pansi. Koma mwanayu waumitsa khosi. Ndimunyengerere bwanji kuti amve? Anthu amenewa anatisunga pamene tinalibe pogona, ndipo sindikufuna kuti dzina langa likhale la mayi wosayamika.

M.K., Rotherham

Mayi M.K.,

Choyamba, tiyeni tisangalale. Ana aja anatsika m'mwamba ali amoyo, denga silinagwere munthu, ndipo mwana wanu akadali pantchito. Zinthu zitatu zimenezi zikanatha kupita mbali ina Loweruka limodzi lomwelo. Ndawerenga kalata yanu mtima uli m'mwamba, ndipo pamene ndinafika pa tchipisi zija ndinapuma nanenso.

Tsopano ndisakubisireni Chichewa. Mwandifunsa kuti mumunyengerere bwanji. Njira imeneyo sindikupatsani, ndipo ndikanakhala nayo ndikanaibisa. Tinenenji asakagwire njerwa ngakhale imodzi kunyumba kwa a Wilfred. Munalipo nokha mu ofesi muja, ndipo munamva ndi makutu anu kuti ntchito yapadera ina iliyonse, ngakhale yaulere, ndi mapeto. Sananene kuti “pokhapokha atabwereka nyundo kwina.” Mwatuluka kumene m'madzi, zovala sizinaume, mukufuna kudumphiranso momwemo.

Akuti angakanene ndani? Mayi, tisanamizane. Amisiri a landilodi akadzafika n'kupeza khoma latsopano pamene anauzidwa kuti pali bowo, funso loyamba lidzakhala lakuti wamanga ndani. Zitsulo zimene zachirikiza dengalo ndi za Kenneth, ndipo adzabwera kudzazitenga. Komanso inu ndi ine tikuwadziwa anthu athu. Mwanayo asanamalize mzere woyamba, wina adzakhala atamujambula kale n'kutumiza pa WhatsApp ya mpingo kuti taonani mtendere wabwerera. Ndipo ngakhale pasapezeke wonena, khoma lonyamula chipinda si ntchito ya wophunzira ali yekha. M'mwambamo mumagona ana.

Pali china chimene simunachione, kapena mwachiona koma mukuchilambalala. Mwana wanu anakana pachiyambi pomwe. Anati pepani, n'kupereka zifukwa ziwiri, zonse zoona. Amene anavomera ndinu. Munamuponda phazi, munamukumbutsa za pabalaza paja, iye n'kumvera mayi ake mpaka kutenga zida za eni. Pakutenga zidazo analakwa, ndipo chilango chake walandira kale. Koma pakuitana folomani sanalakwe. Chimenecho ndicho chinapulumutsa zidzukulu za a Wilfred, ndipo ndi chomwecho chinapulumutsa ntchito yake. Mukamugwaditsa pamaso pa akulu kuti apepese chifukwa choitana thandizo, mukumuphunzitsa kuti denga likadzang'alukanso adzakhale chete. Ganiziraninso kuti atagwidwa ndi mantha panja paja, anaimbira folomani osati inu. Sindikunena izi kuti ndikupwetekeni mtima, koma mwana amathawira kumene akudziwa kuti samubweza.

A Wilfred sindikuwanyoza. Munthu amene anatola mayi ndi mwana m'chisanu si munthu woipa. Panopa ali ndi manyazi, ali ndi mantha a landilodi, ndipo ndalama yawakulira, n'chifukwa chake akufuna wosenzetsa. Ngongole ya chifundo chawo ilipo ndithu, koma ndi yanu. Tine anali mwana pamene munkagona pabalaza paja. Simungaibweze ndi tsogolo lake.

Ndiye chitani izi. Pitani nokha kwa a Wilfred, mutenge mayi mmodzi wachikulire amene onse amamulemekeza kuti akhale mboni. Tine mumusiye kunyumba. Ngati pakufunika bondo, ligwade lanu, poti mwanena nokha kuti kugwada sikuthyola bondo. Yambani ndi kuthokoza pa zonse zimene anakuchitirani, mutchule chimodzichimodzi, asaganize kuti mwaiwala. Kenako munene kuti, “Abambo, ndinalakwa ndine polonjeza manja a mwana pantchito imene saloledwa. Pepani. Khomalo sakhudzanso, chifukwa akangokhudza amuchotsa ntchito, ndipo ndikudziwa kuti inu amene munamulera nawo simungafune zimenezo.” Mukatero mwawapatsa njira yotulukira ulemu wawo uli pomwepo. Akakalipa, akalipe, inu musasinthe mawu.

Pa nkhani ya ndalama, khomalo linkagwetsedwera mapemphero a anthu onse. Pemphani akulu a mpingo kuti pakhale chopereka chapadera chothandiza a Wilfred kulipira amisiri a landilodi, ndipo dzanja loyamba kuponya likhale lanu, monga mungathere. Mutu umodzi susenza denga, ndipo onse amene ankapanikizana pabalaza paja Lachisanu asenze nawo. Muwauzenso a Wilfred kuti zitsulo zija asazisunthe, ngakhale zikutchinga njira, ndipo afunse landilodi ngati chipinda cham'mwambacho n'choyenera kugonamo amisiri asanafike.

Kenako mutseke khomo limene munatsegula nokha. Pamsonkhano wa azimayi muimirire n'kunena kuti mmisiri wathu uja akadali pasukulu, ndipo mpaka atalandira satifiketi palibe sitepe, palibe kampanda, palibe kashelefu. Munene inuyo, kuti mwanayo asamakhale ndi ntchito yokana akulu payekha. Ena adzakwinya nkhope, asiyeni. Omwewo adzakhala oyamba kuvina tsiku limene adzamalize. Ndipo ngati mukufunadi kuuchitira zabwino mpingo wanu, pemphani Joan uja abwere tsiku lina adzawafotokozere achinyamata mmene malo a apulentisi amapezekera, nthawi yolembera, ndi zimene amafuna. Mwanena nokha kuti ena akungonyamula makatoni. Kampani imene yaona mwana wa Chimalawi akunena zoona pa nthawi yovuta singachite mantha kutenga wina. Mphatso imeneyo ndi yaikulu kuposa khoma.

Chotsalira ndi cha m'nyumba mwanu. Gogodani pachitseko chija. Mumuuze kuti, “Unachita bwino kuimba foni, ndipo sindikutumanso.” Munene m'Chichewa, amamva bwinobwino. Lamulungu akapita kutchalitchi apereke moni kwa a Wilfred ndi manja awiri monga mwana woleredwa bwino, zimenezo ndikugwirizana nazo. Akhozanso kukathokoza Kenneth, amene anataya Loweruka lake n'kuika dzina lake pachiswe chifukwa cha iye. Kuthokoza kwake kwenikweni ndi kufika pantchito m'mamawa tsiku lililonse mpaka amalize.

Ndikuchenjezeni, mayi. Moni wozizira amafunda, ndaziona m'mipingo yathu kuno kangapo konse. Pakangogwa maliro kapena ukwati, adzakufunani pa mapoto, nkhani n'kutha. Koma malo a apulentisi akapita sabwerera, ndipo mwana wanu wakuuzani kale kumene adzapite mukamukankha. Chenjezo limene analandira ndi lomaliza, ndipo lanunso ndi lomwelo. Foni ya a Wilfred ikalira Loweruka likubwerali, muyankhe ndinu. Tine mumusiye agone, Lolemba ali ndi ntchito.

Phungu wanu